Maso a Apongozi Anga

Ndinalowa chikamwini kudera la Zemba m'zaka za m'ma 1950, nditangobwerako ku mafamu a fodya kumene ndinakhala zaka zingapo. Ndinabwera ndi njinga, jekete lakuda ndi mtima wodzikhulupirira. Kwathu tinali a mpingo kuyambira pa agogo, ndipo ndinkatha kuwerenga. Kwawo kwa mkazi wanga kunali kosakanikira: ena ankapita kutchalitchi, ena kudambwe, koma pamaliro onse ankalira pamodzi.

Apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, anali amasiye. Mkazi wangayo anali mzime wawo, choncho pamene ndinkafika pamudzipo anali atakula kale, kumutu kuli mbuu. Ntchito yawo inali youmba mbiya. Mitsuko yawo inkaziziritsa madzi ngakhale m'chilimwe chotentha, ndipo anthu ankayenda kuchokera ku Zingalume kudzaifuna. Malonda ake anali osavuta: udzaze mphika ndi chimanga kapena mtedza, zam'katizo n'zawo, mphika ndi wako. Anali ndi mng'ono wawo, nayenso woumba mbiya, nyumba zawo zoyang'anizana. Awiriwa ankakangana kawirikawiri, pena chifukwa cha mtapo wa dothi kudambo, pena chifukwa cha ogula amene wina wakopa kwa mnzake. Mkangano wawo unkamveka mudzi wonse, koma dzuwa lisanapendeke unkawapeza akutongola chimanga pamphasa imodzi.

Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana. Tikaonana patali panjira, iwo ankapatukira m'tchire mbali iyi, ine mbali inayo. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma mkazi wanga, kapena ankayankhula ali kuseri kwa nyumba ngati akuuza nkhuku. Ana athu awiri anabadwa ine ndisanaione bwino nkhope ya agogo awo. Umenewo ndiwo unali ulemu, ndipo ine ndinkausunga bwino.

Chaka china titakolola ndinawamangira nkhokwe yatsopano. Pa ntchito ya nsungwi sindinkaopa munthu. Ndinasankha mphanda zowongoka, ndinaluka mothina, ndipo amuna anzanga odutsa ankaima n'kuyamikira. Nditamaliza, mkazi wanga anabwera akubisa kuseka.

"Amayi akuti nkhokwe ija yakhota."

"Yakhota pati?"

"Akuti pakati penipeni. Akuti yapindika ngati uta."

Ndinapita kukaizungulira. Ndinamanga mwala kuchingwe n'kuulendewetsa pambali pake, monga ndinkaonera amisiri kumafamu. Nkhokwe inali njo, yosapendama ndi pang'ono pomwe. Ndinauza mkazi wanga kuti akanene kuti ndamva, koma sindinaikhudze. Mumtima ndinati awa ndi mayeso a apongozi chabe.

Posakhalitsa mkazi wanga anayamba kudandaula kuti amayi ake akuphwanya mbiya zaziwisi. Ankaumba mtsuko mpaka kumlomo, n'kubwerera m'mbuyo kuti auone, kenako n'kuubwanyula, amvekere mlomo wakhota. Mng'ono wawo atanena kuti, "Akulu, mtsukowu unali bwinobwino," anamukalipira kuti akufuna iwo azigulitsa zokhota kuti ogula athawire kwa iye. Anthu enanso anayamba kunong'ona kuti mayi aja ayamba matama. Ukawapatsa moni ankakuyang'ana cham'mbali ngati nkhuku yoona mphamba, ndipo nthawi zina ankakudutsa ngati sakukudziwa.

Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kudimba, ndinawaona m'kanjira ka kudambo. Kanali kopanikiza, mbali zonse tsekera wamtali. Anali atatula dengu la dothi pansi, akupuma. Ndinatsokomola kuti adziwe kuti kukubwera munthu, uku ndikufunafuna popatukira. Iwo sanasunthe. Anapendeketsa mutu n'kundikodola.

"Bambo inu, tabwerani mundisenze denguli. Khosi lakana."

Ndinaima ngati chitsa. Kuthawa kukanakhala kusiya munthu wamkulu ndi katundu panjira. Kuyandikira kunali kuswa mwambo. Ndinayandikira, maso pansi, n'kugwira dengulo.

"Ndinu a mudzi uti? Simuyankhula kodi? Kapena ndinu aja ogula mtedza? Mukamandiona chonchi musati ndilibe anthu. Ndili ndi mkamwini wanjinga, munthu wolimbika, mwana wanga sagona ndi njala. Kungoti nkhokwe amamanga zokhota."

Ndinawasenza. Kenako, poona kuti kukhala duu kuyamba kuoneka ngati mwano, ndinati, "Muyende bwino, amayi."

Mawu anga anawadziwa nthawi yomweyo. Dengu linagwa, dothi n'kumwazika. Anafunda nsalu kumutu n'kulowa m'tsekera osacheuka, ine n'kutsala ndi dengu lopanda mwini. Pamenepo ndinadziwa kuti vuto silinali pankhokwe. Munthu amene kale ankandizindikira ndili kutsidya kwa dambo anali atalephera kundidziwa ndili pafupi moti akanatha kundigwira malaya.

Anadzitsekera m'nyumba masiku angapo chifukwa cha manyazi, ndipo ndi pamene anaulula kwa mkazi wanga. Anati zinayambira diso lakumanzere, kalekale, koma sananene poti lakumanja linkagwira ntchito. Tsopano lakumanjalo nalo linali litatsatira. Chilichonse chimene ayang'ana, pakati pake pankakhala chinthu chakuda ngati mwaye. Akayang'ana munthu ankaona mapewa, manja, mitengo ya kumbuyo kwake, koma nkhope palibe. Akayang'ana nsichi yowongoka, inkapindika. Chikhalirecho nkhuku ikadutsa chapambali ankaiona.

"Si khungu ili," anatero. "Akhungu ndimawadziwa, maso awo amayera. Anga ndi akuda ngati kale. Ichi chachita kuikidwa ndi munthu."

Mwini mbumba anali mlongo wawo wamwamuna, malume a mkazi wanga. Anali munthu wofatsa, wosakonda milandu, koma apongozi angawo ndi amene anamulera makolo awo atamwalira, ndipo ankawakonda ngati amayi ake. Anapita kukaombeza. Anabwera ndi mawu akuti wochita zimenezi ndi wa m'banja momwemo, wamkazi, wogwira ntchito imodzi ndi wodwalayo. Dzina sanatchule, koma panalibe wofunsa kuti ndani.

Zinthu zinawasinthira msanga apongozi aang'ono aja. Mbiya zawo zinangokhala pakhonde popanda wozifunsa. Akafika kuchitsime, akazi anzawo ankasenza mitsuko yosadzaza n'kumapita. Ana analetsedwa kudya kwawo. Anayamba kukonza zosamukira kwa mwana wawo ku Pembamoyo, ndipo denga la nyumba yawo analisiya osafolera ngakhale mvula inali pafupi. Apongozi aakulu sankatuluka, ndipo sankanena kanthu.

Ine nkhaniyi sinandilowe. Ndinali nditakumbukira agogo anga aamuna, amene anali mkulu wa mpingo kwathu. Atakalamba ankawerenga Baibulo ataligwirira pambali pa nkhope, kenako analeka n'kumangonena mavesi pamtima. Koma kumunda ankapita okha, osagwidwa dzanja, mpaka imfa yawo. Nawonso ankayang'ana anthu cham'mbali. Palibe amene anawaombezera ula.

Ndinawapeza malume akusema mpini pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinakhala pansi chapatali.

"Malume, ndabwera ndi mawu, ngakhale ndikudziwa kuti mkamwini sakula mwendo."

"Nenani, akamwini."

"Ndiloleni ndipite nawo amayi kuchipatala cha mishoni. Ndamva kuti kuli dokotala woyang'ana m'maso."

"Za pakhomo sizioneka ndi magalasi a azungu."

"Zikapanda kuoneka tibwerako, simutayapo kanthu. Chimene ndikupempha n'chakuti munthu asasamuke tisanabwere."

Anapitiriza kusema mpini wawo. Kenako anati, "Nanga mukayenda bwanji ndi munthu amene simuyang'anana naye?"

Funso limenelo analiyankha ndi apongozi eni ake. Mkazi wanga atawafotokozera, anati manyazi anathera kale kudambo kuja, palibenso chobisa. Mkazi wanga anapha nkhuku. Malume anakhala pakati, ine ndinapereka nsalu, ndipo apongozi anandipatsa chiwalo cha nkhuku ndi dzanja lawo. Ndi tsiku limenelo pamene ndinaiona nkhope yawo: yaing'ono, ya mphini ziwiri m'masaya, mano onse alimo. Iwo anatembenuza mutu uku ndi uku, kuyesa kundigwira ndi mbali ya diso, mpaka anagonja.

"Inu yanga mwaiona," anatero. "Ine yanu ndachedwa nayo."

Tinapeza malo pangolo ya munthu wina amene ankapita ndi mtedza kumsika wa kufupi ndi mishoni. Ng'ombe zili m'goli, tinangoona apongozi aang'ono atulukira ndi kamtolo kawo kumutu.

"Ndikupita nawo," anatero, akuyang'ana ine. "Ngati ndine, akandiuze pamaso."

Palibe amene anawaletsa. Anakwera n'kukhala kumapeto kwa matumba, akulu awo kutsogolo, atafulatirana. Ine ndinkayenda pambali ndikukankha njinga. Ulendo wonsewo, fumbi lili koboo, awiriwa sanalankhulane. Wina akafuna madzi ankauza ine, ine n'kutenga chipanda kwa mnzake.

Kuchipatala tinapeza anthu ali mbwee pakhonde ndi pansi pa mitengo. Okalamba anali ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo anali a maso oyera, a ng'ala, otsogozedwa ndi ndodo. Nthawi yathu itakwana, wothandiza dokotala anawadonthezera apongozi mankhwala m'maso n'kutiuza kuti tidikire. Kenako anatilowetsa tonse atatu m'kachipinda kotchinga mawindo. Dokotalayo anali mzungu wowonda, wa Chinyanja chothyokathyoka. Anatenga kanyali kakang'ono, nasuzumira m'diso lililonse nthawi yaitali, mphuno yake pafupifupi kugunda tsaya la apongozi. Atatha anayankhula Chingerezi, wothandiza uja akumasulira.

"Akuti si ng'ala iyi, amayi. Ng'ala imakhala kutsogolo, ndipo amatha kuichotsa. Chanuchi chili kumbuyo kwenikweni kwa diso, pakamalo kamene timaonera zapakati. Pamenepo patha, monga imathera nsalu pokhalira."

"Mankhwala ake?" ndinafunsa ine.

"Akuti palibe, ngakhale kwawo komwe."

Apongozi anagwetsa mapewa. Dokotala anaona, ndipo anawonjezera mawu ena.

"Akuti koma musaope kuti kudzada bii. Nthendayi imadya pakati, m'mbali imasiya. Muziyenda, muzilima, muzigwira ntchito zanu. Mukafuna kuona chinthu, muziyang'ana pambali pake, monga mwayambira kale."

Apongozi aang'ono anali ataima kukhomo. Apa anasendera.

"Afunseni ngati munthu angathe kuika chimenechi m'diso la mnzake."

Dokotala sanadikire womasulira. Anayankha yekha m'Chinyanja chake chija: "Iyayi, mayi. Ndi ukalamba. Ndimaona kwa akuluakulu ambiri. Amayi anga, kwathu, chimodzimodzi."

Ine ndinatuluka ndikuganiza kuti mlandu watha. Koma titakhala pansi pa mtengo kuti tidye mbatata zathu, apongozi aakulu anati, "Mzungu akananena chiyani china? Mankhwala alibe, ndiye akuti ukalamba."

Pafupi nafe panakhala bambo wina wokalamba, wovala malaya osokedwa bwino kwambiri. Anali atamva zonse. Anapepesa polowerera, nati iye ndi wa ku Pembamoyo, kale anali telala.

"Amayi, mukayang'ana nkhope ya munthu mumaona chiyani?"

"Palibe. Mwaye basi."

"Nanga chitseko?"

"Chokhota."

Bamboyo anawomba m'manja n'kuseka. "Ndiye ndife a mtundu umodzi! Ine ndinasiya makina chifukwa msoko unkandithawa. Ndikauyang'ana wasowa, ndikayang'ana kumbali wabwera. Ndinkati ndi telala mnzanga wandichita. Mbuzi zanga zinathera kwa asing'anga, ndipo mnzangayo anamwalira tisakulankhulana. Chakudacho chilipobe."

Apongozi anatembenukira kwa iye thupi lonse n'kuyamba kumufunsa ngati pabwalo la milandu. Linayamba diso liti? Chakudacho chimayenda kapena chimangokhala? Dzuwa likawala kwambiri chimatani? Maso amawawa? Bamboyo ankayankha, ndipo yankho lililonse linkagwera pomwepo. Mayi wina amene anali chapatali anakweza mawu kuti amuna ake, amene anali m'kati nthawi imeneyo, nawonso ndi zomwezo. Apongozi anasiya kufunsa. Kenako anapapasa pansalu, natola mbatata yaikulu, n'kuilozetsa kumene kunali mng'ono wawo.

"Idya, iwe."

"Ndakhuta," anayankha mng'ono wawoyo, ngakhale anali asanadye kanthu chichokere m'mawa.

Titabwerera kumudzi ndinawafotokozera malume zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati kuchipatala n'kumene odwala amasonkhana, ndiye kupezako awiri kapena atatu ofanana si chodabwitsa. Mawu a ula anali akadali chiimire. Sanawathamangitse apongozi aang'ono, koma sanawamasulenso.

Apongozi aakulu nawo sanali munthu wokhutira ndi za tsiku limodzi. Panali mbiya zambiri zakale zimene zinatsala osagulidwa, ndipo anati m'malo modikira ogula, azipita nazo okha m'midzi. Ine ndinkazimanga panjinga ndi udzu pakati, iwo akuyenda patsogolo ndi ndodo. Tikafika pamudzi, malonda ankawasiyira ine. Iwo ankafunsa kumene kuli okalamba, n'kukakhala nawo pakhonde.

Sankayamba ndi funso. Ankayamba ndi kunena zawo, mosabisa, mokweza: kuti nkhope saziona, kuti mitengo imawakhotera, kuti anamutuma mkamwini wawo kuwasenza dengu osamudziwa. Anthu ankaseka, ndipo m'kusekamo wina ankayamba kumasuka. Si mudzi uliwonse umene tinapezamo wotero. Ambiri anali a ng'ala, ena maso ofiira otuluka misozi, ena ongofuna magalasi. Koma a chakuda cha pakati tinawapeza, ndipo anali ochuluka kuposa mmene aliyense wa ife ankaganizira. Ku Zingalume kunali mkulu wa mpingo amene Lamulungu lililonse ankatsegula buku la nyimbo n'kumaimba pamtima, mpingo wonse osadziwa. Kwina kunali nkhalamba ya kudambwe, mmisiri wosema, amene anaika sompho pansi n'kumauza anthu kuti manja akunjenjemera. Ndipo kutsidya kwa mtsinje wathu womwewu kunali mayi amene tonse tinkamuti ndi wonyada chifukwa sankayamba kupereka moni. Anali atakhala nacho zaka, osauza ngakhale ana ake.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti onsewa ankabisa. Wina ankaopa kutchedwa wakhungu n'kumangosiyidwa pakhonde ngati mtondo wosweka. Wina ankaopa kuti akanena, abale ayamba kulozana zala. Aliyense ankaganiza kuti ali yekha. Ndipo onse anali okalamba. Pa maulendo onse aja sitinapeze mnyamata, mtsikana kapena mayi woyamwitsa amene anali nacho.

Mvula yoyamba itagwa, apongozi anaitanitsa abale. Anaitananso mayi wa kutsidya uja ndi mmisiri wosema, amene anabwera atakwera kumbuyo kwa njinga yanga. Tinakhala pabwalo la nyumba yawo dzuwa lili pamutu. Apongozi aang'ono anakhala paokha, atatambasula miyendo, akuyang'ana kumapiri.

Alendo aja ananena zawo, wina atatha mnzake. Kenako apongozi anatembenukira kwa malume.

"Mlongo wanga, unapita kukaombeza chifukwa umandikonda, ndipo sindikukudzudzula. Koma tandiuza. Awa a kudambwe, mng'ono wathuyu anakangana nawo liti? Saumba mbiya awa. Telala wa ku Pembamoyo anamuonera kuchipatala komwe kuja. Mkulu wa mpingo wa ku Zingalume, amayi a mzungu kutsidya kwa nyanja, onsewo analodza ndi iyeyu? Ngati ali ndi mphamvu zotero, bwanji denga lake likudontha?"

Anthu ena anaseka, koma malume sanaseke. Anayang'ana pansi, akujambula m'dothi ndi kamtengo.

"Ndinakubereka kumsana ine," apongozi anapitiriza. "Mano ako oyamba ndinawaona akumera. Lero tsitsi lako layera, mawondo ako amalira ukamadzuka. Wakulodza ndani? Maso anganso akalamba, basi. Mlandu uwu ndauthetsa ine mwini wake wa maso."

"Ndamva, alongo," anatero malume.

Apongozi anadzuka, nayenda okha mpaka pamene panali mng'ono wawo, n'kukhala pansi pafupi naye.

"Ndinakulakwira, mwana wa amayi."

"Simunanene ndinu," anayankha mng'onoyo, maso akadali kumapiri.

"Sindinanene, koma sindinakanenso."

Apa ndi pamene apongozi aang'ono analira. Chiyambire nkhani yonseyi anali asanagwetse msozi pamaso pa munthu. Analira mokweza ngati pamaliro, ndipo akazi amene ankawathawa kuchitsime anangoti zyolii.

M'mawa mwake malume anabwera ndi mitolo ya udzu ndi luzi, nakwera padenga la mlongo wawo wamng'onoyo. Ine ndinkawaponyera udzu. Mwini nyumba anatuluka, natiyang'ana, n'kubwereranso m'kati. Ku Pembamoyo sanasamukire. Koma chilonda chake sichinapole msanga. Panapita zaka asanadye chakudya cha kwa malume, ndipo iwo sanawakhululukire akazi ena a pamudzipo mpaka kumanda.

Apongozi aakulu anabwerera kudothi. Poyamba zinkavuta, chifukwa maso ankawanamizabe kuti mlomo wa mtsuko wakhota, ndipo dzanja linkafuna kukonza chimene sichinalakwike. Ndiye anaphunzira kuumba akuyang'ana kumbali, nthawi zina atatsinzina, zala zokha zikuzungulira. Akamaliza ankaitana mng'ono wawo kuti aone. Iye akati zili bwino, zinali bwino. Kulemba maluwa pakhosi pa mtsuko ndi kuyang'anira moto pootcha zinakhala ntchito za mng'onoyo, ndipo mbiya anayamba kugulitsira pamodzi. Kukangana sanasiye. Tsopano ankakangana za amene wagwira ntchito yaikulu.

Pamudzi pathu panalowa chizolowezi chatsopano. Munthu ukafika pamene pali wokalamba, unkayamba wanena kuti ndiwe yani usanapereke moni. Anayambitsa ndi apongozi, amene ankakalipira aliyense wobwera mwakachetechete. "Uli ndi pakamwa, nena! Ukufuna ndikununkhize ngati galu?" Ana anazolowera, akulu anazolowera, mpaka alendo ankadabwa kumva munthu akudzitchula kwa agogo ake omwe.

Mawu a dokotala uja anapherezera. Chakudacho chinakula pang'onopang'ono. Kulowetsa ulusi m'singano kunatha, kusankha miyala m'nyemba kunatha, ndipo adzukulu awo obadwa pambuyo ankawadziwa ndi mawu ndi kayendedwe. Koma mdima weniweni sunafike. Ankapita okha kudambo, ankapalira mizere yawo ya mtedza, ndipo mbuzi ikalowa m'munda ankaiona msanga kuposa ife a maso abwino. Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala m'midzi yambiri, ndipo ndikunena mosakayika kuti pamene pali okalamba ochuluka, mukafufuza modekha, wa nthenda imeneyi simulephera kumupeza. Chimene chimasowa ndi munthu woyamba kunena.

Mbiri ya apongozi inafalikira, moti anthu anayamba kuwatumira mawu. Wokalamba akayamba kudandaula za mitengo yokhota, ana ake ankati, kaitaneni mayi a mbiya aja a ku Zemba. Mankhwala analibe, ndipo ankanena zimenezo poyambirira penipeni. Ankangokhala ndi munthuyo, kumufunsa, kumuuza zimene zidzatha ndi zimene zidzatsala, kumuonetsa kapendeketsedwe ka mutu. Akaona kuti maso ndi oyera, ankalamula ana ake kuti apite naye kumishoni akachotse ng'ala, asataye nthawi.

Ulendo wina anaitanidwa kwa bambo wina wa ku Zingalume, mlimi wa thonje, amene anali atagona m'nyumba osafuna kudya, akuti akudikira imfa poti maso apita. Ine ndinali ndi malungo, mkazi wanga ali ndi mwana wakhanda. Tinawapempha kuti adikire ndichire. Anakana. Anatenga ndodo yawo ndi chipanda cha madzi, nanyamuka okha m'mamawa.

Anabwerako patapita masiku, fumbi mpaka m'mawondo, atanyamula nkhuku yamoyo kukhwapa. Ndinawalandira ndodo n'kuwafunsa mmene ayendera.

"Munthu uja ndi waulesi chabe," anatero akukhala pansi. "Ndamupeza atafunda bulangete masana, ana atamuzungulira ngati wafa kale. Ndamufunsa kuti, kodi khomo ukuliona? Akuti ndikuliona cham'mbali. Ndati ndiye tulukira cham'mbali momwemo. Ndinachoka iye ali m'munda, akukalipira ana kuti apalira moipa."

Anapereka nkhuku ija kwa mkazi wanga kuti aimange mwendo isabwerere kwawo, kenako anafunsa ngati mng'ono wawo wakumbukira kuphimba dothi kuti lisaume.